Ndudu Khumi za ku Joni

Ku Simlemba aliyense amadziwa kuti a Chiukepo Mtonga mukhoza kuwatsutsa pa nkhani ya mvula, ya ndale, ngakhale ya Baibulo limene monga mkulu wa mpingo amayenda atalikwapatira, koma pa nkhani ya fodya musayerekeze. Tsono Lachinayi lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atangochokera kolembetsa mayina a makuponi a feteleza, anapeza akazi awo a Lefina atakhala pakhonde, kabokosi ka matabwa pamiyendo, kalata m'manja, zonse zochokera kwa mwana wawo Frazer wa ku Joni.

"N'chiyani chimenecho, make Frazer? Foni ija?"

"Yayi. Fodya."

"Fodya? Mwana kutumiza fodya kuchokera ku Joni kubwera ku Kasungu?"

"Eya. Adiresi yake ndi yathu yomwe, ndayang'ana kawiri."

"Sindikufunsa za adiresi ine. Ndikuti mutu wake ukukoka bwino mwanayu? Mawa atitumizira fumbi."

"Za fumbi sanalembe."

A Chiukepo anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kulanda kabokosiko. Atakatsegula anaona ndudu khumi zitagona pamzere, zofiirira, zonenepa ngati zitsononkho, iliyonse itavala kamphete ka pepala m'chiuno. Pepala lokulungira panalibe. Zinali za masamba okhaokha kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Tawerengani kalatayo. Mandala anga ndinawaiwala kutchalitchi."

A Lefina anakonza kukhosi. "Frazer Mtonga, Bokosi namba..."

"Dumphani zimenezo."

"Ndidumphe mpaka pati?"

"Mpaka pamene payambira nkhani."

"Ndidziwa bwanji kuti yayamba ndisanawerenge?"

"Ho-o! Werengani basi, werengani zonse, ndi sitampa yomwe."

"Sitampa palibe. Yabwera pabasi." Anatsitsa chala pamzere. "Akuti, adada ndi amama, ndudu izi kuno amati masigaa, ndipo si zanu ayi."

"Wamva ndani kuti ndimazifuna? Ine fodya ndimalima, sindisuta."

"Akuti ndi za a Aloysius, atsibweni ake a Stephanie, ku Chulu. Ankhoswe athu akamapita Loweruka akawapatse m'manja."

Apa a Chiukepo anakhala pansi bwinobwino, chifukwa dzina limeneli linali munga kuphazi kwawo. Stephanie ndiye mtsikana amene Frazer amamufuna ukwati, ndipo kawiri konse ankhoswe a kwa Mtonga anapalasa njinga mpaka ku Chulu n'kubwerako ndi matope a thukuta basi. A Aloysius aja sanakane poyera, koma anangoti mwana wa mlongo wawo sangamupereke kubanja limene sanaone kasamalidwe kake ka zinthu. Munthuyo anagwira ntchito yoperekera zakudya kwa alendo ku hotela ya Lifupa zaka zambiri, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira ndudu zoterezi. Ulendo wa Loweruka unali wachitatu, ndipo aliyense amadziwa kuti wachinayi sudzakhalapo. A Chiukepo zimawawawa mumtima, pakuti mwana wawo amamukonda ngakhale sananenepo pakamwa.

"Pitirizani," anatero motsitsa mawu.

"Akuti a Aloysius akalandira ndudu amaifinya pang'ono pafupi ndi khutu. Ikalira kuti tswa, amaitaya. Ndiye chachikulu, adada, zisaume."

"Zisatani?"

"Zisaume."

"Fodya asaume?"

"Ndi mmene walembera."

"Ndiye ife zigafa timamangiranji? Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikuumitsa fodya, lero mwana amene ndinamuphunzitsa ndi ndalama za fodya wouma akuti fodya asaume!" Anatola ndudu imodzi n'kuidina ndi chala. "Mwaona? Taonani! Wofewa. Anamutsitsa msanga m'chigafa ameneyu. Akagona masiku awiri m'bokosi lotseka achita chuku. Ku okushoni belo lotere amalibweza osalitsegula n'komwe."

"Sakupita ku okushoni. Akupita ku Chulu."

"Chuku sichisankha msewu, make Frazer."

"Akuti zisaone dzuwa."

"Ndani wanena za dzuwa? Mwandionapo ine ndikuyanika fodya padzuwa ngati mphale? Fodya amafuna mthunzi ndi mphepo."

"Akuti zisapitidwe mphepo."

"Aa!"

"Bokosi likhale lotseka nthawi zonse." A Lefina anatambasula dzanja n'kutseka kabokosiko kuti phaa, zala za amuna awo zitatsala pang'ono kupanikizika.

"Mukutani kodi?"

"Nthawi zonse. Ino ndi nthawi."

A Chiukepo anakatsegulanso. A Lefina anakatsekanso. Anatsegula, anatseka, mpaka nkhuku imene imatola nyerere pafupi inaima n'kumawayang'ana ndi diso limodzi.

"Mwanayu ndi wanga, bokosili lili pakhomo panga, ndipo fodya ndimamudziwa ndine," anatero a Chiukepo atalipanira m'khwapa. "Pali chinanso chimene walemba mphunzitsi wathuyu?"

"Chilipo. Akuti chinyezi chake chikhale sevente pa handiredi."

"Ndiye kuti chiyani?"

A Lefina anatseka maso, milomo ikugwedera. Masamu anaphunzira ku sukulu ya kwacha, ndipo amawalemekeza ngati malamulo khumi aja.

"Ndudu zilipo teni," anatero. "Sevente pa handiredi ndi seveni pa teni. Ndiye kuti seveni zikhale zachinyezi, zitatu ziume."

"Sizingatheke zimenezo!"

"Masamu ake akutero."

"Ziuma zonse teni."

"Mwana wati seveni."

"Mwana sanati seveni!"

"Nanga wati zingati?"

A Chiukepo anakonza kabokosi kaja m'khwapa mwawo. Kunena zoona, sevente pa handiredi iwonso samadziwa kuti imagwira pati. Koma munthu amene wakhala akuphunzitsa anzake a mu kalabu kusankha fodya sangavomere pamaso pa mkazi wake kuti pali mzere wa fodya umene wamupita pamwamba.

"Chabwino," anatero. "Tigawana ngati thumba la kuponi. Inu tengani seveni zanuzo. Ine zitatu zindikwana kukuonetsani. Mawa masana tidzaziika pamodzi, tidzaone amene adzachite manyazi."

"Ndikaziike kuti?"

"Kaziviikeni mumtsuko ngati mukufuna!"

"Mumtsuko?"

"Kulikonse kumene kuli madzi! Ndipo mumve bwino, make Frazer: za fodya inu musandifunse, inenso sindikufunsani."

"Simundifunsa?"

"Mpaka kalekale."

"Yewo," anatero a Lefina. Anawerenga ndudu zisanu ndi ziwiri mokweza, kuziika pachitenje, n'kulowa nazo m'nyumba.

A Chiukepo ananyamula zitatu zawo ulendo wa kuchigafa kuseri kwa nyumba. M'mwezi umenewu chigafa chimakhala chopanda kanthu, udzu wa padenga utayoyoka, mphepo yotentha ikungodutsa mmene ikufunira. Anasolola mkangala umodzi, kamtengo kaja kopachikapo fodya, n'kuupukuta bwinobwino. Kenako anakumbukira kuti kusoka kumafuna manja anayi.

"Make Frazer! Tabwerani ndi singano yaikulu ija ndi ulusi."

A Lefina anatulukira akupukuta manja onyowa kuchitenje. Amuna awo anawaona manjawo n'kufuna kufunsa, koma anakumbukira lumbiro lawo n'kuyang'ana kumbali.

"Gwirani apa."

"Ndagwira."

"Kokani."

"Ndikoke mpaka pati?"

"Mpaka ndinene kuti basi."

Analasa ndudu yoyamba kumchira ndi singano ija. A Lefina anakoka. A Chiukepo anali kalikiliki kufunafuna pogwira ndudu yachiwiri, ndipo mawu oti basi anawaiwala. A Lefina anakokabe, akubwerera chammbuyo mpaka pamzati. Ulusi unang'amba tsamba la kunja kuchokera kumchira mpaka pakamphete kaja, ndudu n'kuyasamula.

"Mayo! Mwatani?"

"Simunanene kuti basi."

"Basi! Basi!"

"Ndasiya."

A Chiukepo anatola ndudu yovulalayo kuti aone ngati ingapole. Atasuzumira mkati nkhope yawo inasintha. Anafunyulula tsamba la pamwamba, losalala ngati nsalu ya ukwati. Pansi pake panali lina lokhakhala. Mkati mwenimweni munali timasamba topindikapindika, tina takuda, tina tofiirira, tina tong'ambika.

"Make Frazer, tabwerani muone chinyengo."

"Ndili pompano."

"Tsamba labwino pamwamba, zinyalala mkati! Mukukumbukira chimene anamuchita mkulu uja wa kutsidya atabisa masamba a pansi pakati pa belo? Anamubwezera mabelo onse, dzina lake n'kulilengeza. Ndiye azungu akachita zomwezo akuti ndi mphatso ya atsibweni?"

"Mwina ndi mmene amapangira."

"Mmene amapangira akuba! Mwana wathu amubera masana dzuwa likuwala. Tiyeni tione inzakeyi, mwina iyi yokha ndiyo inalakwika."

"Mwana sanati tizitsegule."

"Wati tisatsegule bokosi. Za ndudu sananene."

A Lefina anayang'ana m'kalata kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Zoona. Sananene."

Yachiwiri nayo inafunyululidwa, ndipo mkati munali chimodzimodzi. A Chiukepo anayala thumba lakale la feteleza pansi, n'kukhala mmene amakhalira nthawi yosankha fodya, miyendo tambalale. Manja awo anayamba okha ntchito imene anaizolowera. Tsamba lililonse analiwongola pabondo, kuliyang'ana chakuwala, kulinunkhiza, n'kuliika pamulu pake. Posakhalitsa panali timilu tinayi, kalikonse kosakwana kudzaza chikhatho.

"Eya," anatero mokhutira. "Tsopano wayamba kuoneka ngati fodya wa munthu woopa Mulungu."

"Nanga a Aloysius akasuta mulu uti?"

"Musandifunse za fodya."

"Pepani. Ndimafunsa za a Aloysius."

"Za iwonso musandifunse!"

Yachitatu sanaisoke. Anaimanga ndi luzi m'chiuno n'kuipachika pamkangala, yokhayokha pakati pa chigafa chonse chija, ikuzungulira ndi mphepo. Anaiyang'ana ndi chikondi cha mlimi, manja kumbuyo.

"Iyi ndiyo idzayankhule mawa."

"Mwana wati isayankhule. Wati ikalira amaitaya."

"Lowani m'nyumba, make Frazer."

Lachisanu kunacha ndi mphepo ija ya Okutobala imene imasiya milomo ya anthu itang'ambika. A Chiukepo anapita kudambo kukathirira nazale ya fodya, koma mtima sunali pamabedi ayi. Ankangoona ankhoswe akubwerera kachitatu, ndi Frazer akuimba foni kufunsa kuti zayenda bwanji. Dzuwa litafika pamutu anasiya khasu ndi chitini chothiririra pomwepo n'kuthamangira kuchigafa. Anapeza a Lefina ali komweko akusenda mtedza pamthunzi.

"Tsopano muone ntchito ya zaka makumi atatu ndi chimodzi."

Anamasula luzi lija. Ndudu inali itapepuka ngati phesi. Anaiika pakhutu monga amachitira a Aloysius, n'kuifinya pang'ono, pang'ono zedi.

Tswa!

Tsamba la kunja linasweka ponseponse, tizidutswa n'kugwera m'kolala ya malaya awo.

"Yalira," anatero a Lefina.

"Ndamva."

"Ndimati mwina simunamve, poti khutu limenelo ndi lija limavuta."

"Ndamva, ndati!" Anaiyang'ana kuseri ndi kuseri. "Yauma bwino kwabasi. Vuto ndi kakulungidwe kawo. Ndiikulunganso ndekha."

"Ndi ziwiri zija?"

"Zonse. Chovuta n'chiyani? Anyamata a pamsika amakulunga chingambwe akuyenda."

Anatenga timilu tinayi tija, timene tsopano tinali titauma kuti gwaa, n'kuphatikiza ndi zotsala za yachitatu. Akati apinde tsamba, limasweka. Akati alinyowetse ndi malovu, limamatirira kuchala. Thukuta linayenderera mpaka kunsonga ya mphuno. Patatha nthawi ndithu anadzutsa chinthu chimodzi chonenepa pakati, chowonda kumapeto, chomangidwa ndi luzi malo atatu, timphete tonse titatu titavekedwa kumchira.

"Zinali zitatu," anatero a Lefina.

"Tsopano ndi imodzi yaikulu."

"Ikuoneka ngati mbewa yowamba."

"Sindinakufunseni."

"Zoona. Pepani."

Chinthu chija chinapindika chokha m'manja mwawo, n'kuthyoka pakati. A Chiukepo anayang'ana zidutswa pathumba paja. Mantha anawagwira zenizeni tsopano. Zitatu zapita ndi manja awo omwe. Ndipo zisanu ndi ziwiri zija, pakamwa pawo pomwe ndi pamene panatuluka mawu oti zikaviikidwe mumtsuko, kuuza munthu amene ukamuuza kuti koka amakoka mpaka pamzati. Usiku wonse ndi theka la tsiku zili m'madzi!

Ananyamuka osatsanzika, kulowa m'nyumba, kulunjika pangodya pamene pamakhala mtsuko wa madzi akumwa. Anachotsa mbale yovundikira n'kupisamo dzanja mpaka m'khwapa. Anapapasa uku ndi uku. Munalibe kanthu.

"Madzi akumwa amenewo," anatero a Lefina ataima pakhomo.

"Zasungunuka?"

"Chiyani?"

"Mukudziwa chimene ndikunena!"

"Ngati ndi shuga, sindinathiremo."

"Make Frazer, musandipweteke mutu. Zinthu zija zili kuti?"

"Zinthu zake ziti? M'nyumba muno muli zinthu zambiri."

"Ndudu! Ndudu seveni!"

"Limenelo ndi funso?"

"Ndi funso!"

"La fodya?"

A Chiukepo anayang'ana mkono wawo wonyowa. Madzi anali kudontha kuchokera kuchigongono mpaka pansapato.

"La fodya," anatero.

"Munati simundifunsa mpaka kalekale."

"Ndikufunsa tsopano."

"Kalekale yakwana?"

"Yakwana."

"Yafulumira."

"Make Frazer!" Ukali wa a Chiukepo unali utatheratu. "Mawa ankhoswe akunyamuka m'mamawa. Akapita chimanjamanja, kapena ndi phala la fodya m'bokosi, munthu uja akanena kuti mwaona, banja la alimi a fodya lalephera kusunga fodya masiku awiri, nanga mwana wa mlongo wanga akamusunga bwanji? Mwana wathu ndidzamuuza chiyani ine? Ndabweza mawu anga. Ndawabweza onse. Mwaziika kuti?"

A Lefina anawayang'ana kanthawi. Chikwatirane sanamvepo bambowa akubweza mawu, ngakhale tsiku lija anaumirira kuti basi ya kuboma imadutsa naini koloko iwo n'kugona pasiteji.

"Munati kulikonse kumene kuli madzi," anatero. "Tasunthani."

Anagwada, n'kupendeketsa mtsuko uja pang'ono. Mtsukowo umakhala pamulu wa mchenga umene umangokhala wonyowa chaka chonse ndi madzi odontha. Kuseri kwake, chakukhoma kumene sikufika diso la munthu woimirira, anafukula mchenga ndi zala n'kutulutsa kamphika kadothi kovundikira ndi kambale. Anapukuta mchenga, kuvundukula, n'kusolola kamtolo kokulungidwa m'khungwa la nthochi.

Ndudu zisanu ndi ziwiri zinali gone mmenemo, zosalala, zonyezimira pang'ono, zikununkhira kuposa dzulo.

A Chiukepo anapukuta dzanja kuthalauza kawiri asanatole imodzi. Anaiika pakhutu labwino lija n'kuifinya. Inalowa pang'ono n'kubwerera yokha, osalira ngakhale pang'ono. Anayesa yachiwiri. Anayesa zonse.

"Sizinanyowe," ananong'ona.

"Yayi."

"Sizinaume."

"Yayi."

"Chuku palibe."

"Kamphikaka sikalowa madzi. Kamangozizira. Khungwa la nthochi mukaliika laliwisi kwambiri ndiye limabweretsa chuku, likhale lofota pang'ono. Ndipo pakapita masiku atatu mumasintha."

"Zimenezi zili m'kalata?"

"Mulibe."

"Nanga mwazidziwa bwanji?"

A Lefina anayamba kuwongola khungwa la nthochi lija. Amuna awo anasuzumira m'kamphika muja, ndipo pansi pake anaona kabotolo kakang'ono kakuda, kotseka ndi chitsononkho chosema.

"Nanga aka?"

"Kanga."

"Muli mankhwala?"

"Yayi."

"Muli chiyani?"

"Fodya wa mphuno."

Kunja mbuzi inalira, n'kusiya.

"Wa ndani?"

"Ndanena kale. Wanga."

"Inu? Mkazi wa mkulu wa mpingo? Wa mvano?"

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Ndili ndi pakati pa Frazer. Amandiletsa mseru."

"Frazer ali ndi zaka twente naini!"

"Mu Disembala akwanitsa sate."

"Ndiye zaka zonsezi, m'nyumba mwanga muno, kuseri kwa mtsuko umene ndimamwa ine, osandiuza?"

"Simunandifunse."

A Chiukepo anakhala pampando umene unali pafupi, ndudu zili m'manja. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma iwo phula lawo analidya zaka pafupifupi makumi atatu osamva n'kuwawa komwe. Anakumbukira maulaliki onse amene anadzudzula osuta ndi onunkhiza, akazi awo ali pampando wa kutsogolo akuvomera ndi mutu.

"Paja mumayetsemula m'mawa uliwonse," anatero pang'onopang'ono. "Ine kumati ndi chimfine cha fumbi. Mpaka ndinakugulirani mapiritsi kuboma."

"Ndinamwa. Munati ndimwe."

"Mumapera nthawi yanji?"

"Lachiwiri. Mukapita kumsonkhano wa akulu a mpingo."

"Ambuye!"

"Mumachedwako, ndiye nthawi imakwana yokazinga ndi kupera komwe."

A Chiukepo anafuna kukalipa, koma poyang'ana ndudu zisanu ndi ziwiri zofewa bwino zija anaona kuti pokalipira palibe. Ukwati wa mwana wawo unali utapulumukira m'kamphika ka tchimo, ndipo chimwemwe chinali kulimbana ndi manyazi m'chifuwa mwawo.

"Zakwana seveni?" anafunsa. "Munthu uja sakafunsa za zitatu?"

"Bokosi silinalembedwe teni. Ndayang'ana kawiri. M'mipatamo tiikamo khungwa la nthochi, zisaume panjira. Ankhoswe muwauze asakalimangirire pakaliyala padzuwa, akaliike m'chikwama."

"Ndiwauza."

"Ndipo lisatsegulidwe mpaka ku Chulu."

"Silitsegulidwa."

A Chiukepo anatembenuza ndudu imodzi m'zala. Kenako chinthu china chinawalasa, nsidze n'kukwera.

"Fodya wanuyo mumagula kwa ndani? Musandiuze kuti ndalama za pakhomo pano zimapita kwa alimi ena."

"Sindigula."

"Nanga?"

"M'chigafa mwanu."

"Mwanga?"

"Masamba a pakati, aataliatali aja mumati ndi giredi yoyamba. Ndindi ziwiri, timitolo tiwiri basi, zimandikwana pachaka."

"Giredi yoyamba! Osatenga a pansi bwanji?"

"A pansi amakanda kukhosi."

A Chiukepo anatsokomola. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pakhomo ngati kukubwera munthu. Zaka zonsezi fodya wawo amapita ku okushoni, amakwera magalimoto, amawoloka nyanja, koma sanakumanepo ndi munthu ngakhale mmodzi amene anamulawa n'kuwauza mmene amamvekera. Lero munthuyo anali atagwada patsogolo pawo, mchenga uli m'zala. Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu, ngati kuti abusa ali kuseri kwa chitseko.

"Ndiye... ali bwanji?"

"Ndani?"

"Fodya wangayo."

A Lefina anatambasula manja n'kuyamba kutola ndudu zija m'zikhatho za amuna awo, imodziimodzi, mpaka zonse zinabwerera m'khungwa la nthochi.

"Ku Simlemba kuno kulibe wina womuposa, bambo a Frazer," anatero akuvundikira kamphika. "Amangofunika kumuchotsa msanga m'manja mwanu."